Galimoto Yakale Ikamadontha Pansi, Dziwani Kaye Chimene Chikutayika

Galimoto zambiri zimene tikuyendera zinabwera kuno zitagwira kale ntchito ku Japan. Ma Corolla, ma Probox, ma Sienta, ma Vitz, ma Tiida ndi ma Demio anatsika m'sitima ku Dar es Salaam kapena ku Durban ali ndi zaka zawo, kenako akumana ndi fumbi, maenje ndi dzuwa la October. Zitsulo za injini zimapirira, koma labala ndiye amayamba kutopa. Amauma, amang'aluka, ndipo tsiku lina m'mawa mukamatulutsa galimoto mumaona banga lonyowa pamene inagona.

Bangalo likhoza kukhala madzi a AC, osafunika n'kuwadandaula komwe. Likhozanso kukhala mafuta a mabuleki, amene akatha mumaponda pedulo mpaka pansi galimoto osaima. Pa simenti kapena pa dothi zonsezi zimaoneka zofanana. N'chifukwa chake musathamangire kukagula sipeya, kapena kulola kuti injini imasulidwe, musanayankhe mafunso awiri: chikudonthacho n'chiyani, nanga chikuchokera pati kwenikweni? Mafunsowa mukhoza kuwayankha nokha pakhomo, ndi katoni, tochi, nsanza ndi kudekha.

Zimene sizidikira mawa

Musanayambe kufufuza, onani ngati galimotoyo ili yoyenera kuiliza n'komwe. Ngati pakununkha petulo ndipo pansi panyowa, musalize injini, musasute fodya pafupi, ndipo mbaula ya makala ichoke pakhondepo. Ikankheni ifike pabwalo podutsa mphepo. Ngati pedulo ya buleki yafewa, kapena ikumira pang'onopang'ono mukaipondereza osachotsa phazi, galimotoyo isatuluke pageti.

Muli paulendo, nyali yofiira ya oyilo ikayaka, kapena muvi wa kutentha ukakwera kufika pofiira, patukani ndi kuzimitsa injini pomwepo. Galimoto zina, monga ma Vitz ambiri, zilibe muvi, zili ndi kanyali kokha kamene kamakhala kabuluu kapena kobiriwira injini ikazizira ndi kufiira ikatentha kwambiri. Nyali ya oyilo siitanthauza kuti oyilo wachepa pang'ono. Imatanthauza kuti sakufikanso mwamphamvu ku zitsulo zimene zikuzungulira, ndipo mphindi zochepa zokha zikwanira kuti injini inoke. Maganizo oti "ndifike kaye pa trading centre" ndi amene aphetsa mainjini ambiri.

Yalani katoni

Pezani katoni yaikulu yosada, monga ya firiji kapena ya TV, muiphwasule ikhale yafulati. Nyuzipepala siithandiza kwenikweni chifukwa inki imasokoneza mtundu. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka itangobwera kumene ku ulendo. Nthawi imeneyi oyilo amakhala wosungunuka ndipo madzi a m'radiyeta amakhala akukankha mapaipi mwamphamvu, ndiye pobooka pamaonekera msanga. Lowetsani katoniyo kuyambira kubampala yakutsogolo mpaka pansi pa mipando yakutsogolo, ina muike kumbuyo pansi pa thanki ndi difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, ngati lilipo). Isagunde ekizozi yotentha. Lembani pa katonipo pamene pali matayala ndi kumene kuli kutsogolo, muitsinde ndi miyala, igone usiku wonse.

M'mawa musaikoke musanasuzumire. Onani dontho lili pati, kenako muunike ndi tochi chimene chili pamwamba pake. M'ma Toyota ambiri ang'onoang'ono okoka ndi matayala akutsogolo, injini inagona chopingasa: mbali ya malamba ndi mapule ili kudzanja lamanja, kwa dalaivala, ndipo giyabokosi ili kumanzere. Radiyeta ili kutsogolo kwenikweni. Dontho la m'kati mwa tayala limaloza ku mabuleki, ku shoko kapena ku CV joint (jointi ya chitsulo chozungulitsa tayala). La kumbuyo pakati limaloza ku thanki, kapena ku difu ngati ndi pikapu. Jambulani chithunzi ndi foni. Chidzakuthandizani poyerekeza ndi mawa lake, komanso pofotokozera amakaniko.

Tsegulani boneti, muone chimene chachepa

Chimene chikudontha pansi chiyenera kuti chikuchepa penapake. Yambani ndi oyilo, injini itazima kwa mphindi zosachepera 5. Sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, pukutani, bwezerani mpaka kumapeto, sololaninso ndi kuwerenga. M'mainjini ang'onoang'ono ambiri, kuchokera pa chizindikiro chapansi kufika pa chapamwamba ndi lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kenako onani kabotolo ka kulanti (madzi oziziritsa injini) kamene kali ndi F ndi L, kabotolo ka mafuta a mabuleki kamene kali kumbuyo kwa injini moyang'anizana ndi dalaivala, ndi ka power steering ngati kalipo. Lembani kamzere ndi maka pamene madzi afika pa botolo lililonse, ndipo mulembenso makilomita a pa dashibodi.

Chivindikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha. Pa zivindikiro zambiri za galimoto za ku Japan panalembedwa 0.9 kapena 1.1, kusonyeza mphamvu imene chimatsekera m'kati. Chifukwa cha mphamvu imeneyi madzi amatentha kuposa madigiri 100 osawira, ndipo mukangotsegula amawira nthawi imodzi n'kukuthirani kumaso ndi m'manja. Dikirani mpaka paipi yaikulu yapamwamba izizire moti mutha kuifinya ndi dzanja. Ikazizira tsegulani muone, chifukwa nthawi zina kabotolo kamaoneka kodzaza pamene radiyeta yeniyeniyo ili yopanda kanthu.

Giyabokosi ya otomatiki ili ndi kayezedwe kakekake. M'ma Toyota akale oyilo wake amayezedwa injini ikulira, itatentha, giya ili pa P. Ma Honda ambiri amayezedwa injini itangozimitsidwa kumene. Ma CVT ambiri (mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki) alibe dipstick n'komwe, ndipo amafuna munthu wodziwa. Buku la galimoto likakhalapo, litsatireni.

Gwirani, nunkhizani, koma musalawe

Tengani dontholo ndi chala, mulipake pa pepala loyera, mulitikite pakati pa zala ndi kulinunkhiza. Pali amakaniko ena amene amalawa ndi lilime. Musawatsanzire, chifukwa zambiri mwa izi ndi poizoni. Pali njira yabwino kuposa imeneyo: donthezani madzi pang'ono pa bangalo. Oyilo wa mtundu uliwonse sasakanikirana ndi madzi, amayandama n'kupanga timizere tonyezimira. Kulanti ndi mafuta a mabuleki amasungunuka m'madzi. Kayesedwe kameneka kokha kamagawa pakati zinthu zimene mukuzikayikira.

Madzi oyera opanda fungo, amene akudontha kumbuyo kwa injini chapansi pa mapazi a wokhala kutsogolo mutayenda ndi AC, si vuto. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chimatuluka pa kapaipi kake, ndipo nthawi ya dzinja kapena kunyanja chimachuluka ndithu. Chimodzimodzi timadontho ta madzi a kuekizozi m'mawa wozizira wa June kapena July ku Dedza kapena ku Mzuzu: injini ikatentha timasiya. Madzi onunkhira sopo pakona yakutsogolo ndi otsukira galasi.

Oyilo wa injini ndiye amapezeka kawirikawiri. Watsopano amakhala wachikasu chagolide, wogwira ntchito amakhala wabulauni kapena wakuda, ndipo wa injini ya dizilo amada bii patangopita masiku ochepa. Ndi woterera ndipo amanunkha mopserera. Tibwereranso kwa iye, chifukwa kupeza pamene akuchokera ndiye ntchito yaikulu.

Kulanti ali ndi mitundu yambiri. Wa Toyota ndi wofiira kapena wapinki, wa Honda ndi wabuluu, ambiri a m'mashopu ndi obiriwira. Amanunkhira motsekemera, ndi wamadzimadzi koma amanata pang'ono m'zala, ndipo akauma amasiya zoyera kapena zapinki zokakamira pa chitsulo. Zouma zimenezi ndi mboni yabwino kwambiri, chifukwa zimakusonyezani pamene pamatuluka madzi ngakhale pa nthawiyo pali pouma. Apa pali msampha wa eni ma Toyota: kulanti wofiira ndi oyilo wa giyabokosi ya otomatiki amaoneka ofanana pa katoni. Thirani madzi aja, mudziwa.

Ngati m'radiyeta mumathira madzi a pampopi kapena a pamjigo okhaokha, dontho lake lidzakhala lofiirira ndi dzimbiri. Chizolowezi chimenechi chawononga galimoto zambiri. Kulanti sanapangidwire mayiko ozizira okha ayi. Muli mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo popanda iwo pampu ya madzi imadyeka, timabatani tachitsulo ta m'mbali mwa injini timabooka, ndipo mchere wa m'madzi a pamjigo umatseka timapaipi ta radiyeta. Malo oyamba kuyang'ana ndi pamene mapaipi a labala akumana ndi chitsulo, pamsoko pamene pulasitiki wa pamwamba pa radiyeta wagwirana ndi aluminiyamu, ndi pansi pa pampu ya madzi. Pampuyi ili ndi kabowo kamene anakaika dala kuti kazidontha sili ya m'kati (chotsekera kuti madzi asatuluke) ikatha, ndipo mukaona mzere wa zouma zija kuchokera pamenepo, pampu yatsala pang'ono. Kapeti ya kutsogolo ikamanyowa ndi madzi onata, galasi n'kumachita nthunzi m'kati, vuto lili pa kahita kamene kali kuseri kwa dashibodi.

Nanga kulanti akamachepa koma pansi pali pouma? Pamenepo mtima uzikhala m'mwamba. Onani ngati ekizozi ikutulutsa utsi woyera wochuluka ngakhale injini itatentha, ngati pa dipstick pali zamtundu wa tiyi wothira mkaka, kapena ngati m'kabotolo mukutuluka thovu injini ikamalira. Izi zimaloza ku head gasket, gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Galaja yabwino ili ndi kapampu kamene amamangirira pakamwa pa radiyeta n'kupopa injini ili yozizira. Muvi wake ukamatsika ndiye kuti penapake pakutuluka, ndipo pobooka pang'ono pamene simukanapaona pamayamba kuchita thukuta inu mukuona.

Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ATF, ndi wofiira akakhala watsopano, kenako amasanduka wabulauni. Wa CVT sakhala wofiira kawirikawiri, mwachitsanzo NS-2 wa Nissan ndi wobiriwira. Amakonda kutulukira pa sili za pamene ma driveshaft alowera m'giyabokosi, pa gasiketi ya sampu yake (beseni lapansi losungira oyilo), ndi pa timapaipi tiwiri topita ku radiyeta kukaziziritsa oyiloyo. Giya ikamachedwa kugwira m'mawa, kapena injini ikamalira kwambiri galimoto osathamanga, wachepa kale. Musathire ATF wamba mu CVT. Giyabokosi yake ndi yodula kwambiri kuposa botolo loyenera limene mukuliona ngati lokwera mtengo.

Oyilo wa difu ndi wa magiyabokosi ambiri a manyuwo, 80W-90 kapena 75W-90, simungamusokoneze ndi wina. Ndi wolemera ndipo amanunkha mazira owola chifukwa cha sulufule amene ali m'menemo. Pa ma Hilux ndi mapikapu ena amatulukira pamene propshaft yalowera m'difu, kapena kumapeto kwa ekiselo, kumene amanyowetsa mabuleki akumbuyo. Musanasinthe sili, chotsani matope pa kapumiro kamene kali pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka, mpweya wotentha umasowa potulukira n'kukankha oyilo kudzera pa sili, ndipo sili yatsopano nayonso idzadontha.

Power steering ya ma Toyota akale imagwiritsa ntchito ATF, ndiye dontho lake ndi lofiira kapena labulauni, ndipo chiwongolero chimalira mukachikhotetsa mpaka kumapeto. Finyani malabala opindikapindika a kumapeto kwa steering rack. Akakhala odzaza oyilo, sili za m'kati zatha. Ma Vitz ambiri, ma Fit ndi ma Axio ali ndi chiwongolero chamagetsi, ndiye musavutike kufunafuna kabotolo kamene kulibe. Girizi wakuda womwazika m'kati mwa rimu ndi wa CV joint imene labala wake wang'ambika. Labalayo ndi wotsika mtengo, msintheni fumbi lisanadye jointiyo. Shoko yonyowa oyilo mpaka pansi yatha ntchito.

Petulo amadziulula yekha ndi fungo, ndipo amauma msanga osasiya banga lenileni. Dizilo amachedwa kuuma ndipo ndi woterera. Yang'anani pansi pa thanki ngati inagunda mwala, paipi yothirira mafuta, ndi mapaipi a labala a pafupi ndi injini. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo mapaipi akale kwambiri amene sanapangidwire zimenezi amauma msanga. Posintha, gulani paipi yopangidwira mafuta, osati ina iliyonse imene yakwana kukula kwake.

Mafuta a mabuleki

Awa ndawapatula dala. Ndi oyera kapena achikasu pang'ono akakhala atsopano, amada akakalamba, ndi oterera kwambiri, amasungunuka m'madzi, ndipo akagwera pa penti amaisupula. Mlingo wake umatsika pang'onopang'ono pa miyezi yambiri ma brake pad akamatha, ndipo izi n'zachibadwa. Koma ukatsika m'masiku ochepa, penapake pakutuluka.

Yang'anani kuseri kwa tayala lililonse ndi tochi. Galimoto zambiri zazing'ono zili ndi madramu kumbuyo, ndipo kasilinda ka m'kati mwake kakatha mudzaona kunyowa kumunsi kwa mbale ya kuseri kwa dramu, nthawi zina mzere wotsikira pa tayala. Kutsogolo onani ma caliper (zitsulo zofinya ma brake pad) ndi mapaipi a labala, muwapinde pang'ono muone ngati ali ndi ming'alu kapena potupa. Tsatirani mapaipi achitsulo a pansi pa galimoto, makamaka ngati inachokera kumadera a chipale chofewa kumene amathira mchere m'misewu, chifukwa dzimbiri limawadya. Pali kudontha kwina kosafika pansi: master cylinder (pampu ya pansi pa kabotolo ka mafuta a mabuleki) ikatha kumbuyo, mafuta amalowa mu booster, chija chakuda chozungulira, ndipo chizindikiro chake ndi penti yosupuka pansi pa pamene ziwirizi zakumana. Pa galimoto ya manyuwo, kilatchi nayonso nthawi zambiri imagwiritsa ntchito mafuta omwewa, ndiye onaninso kasilinda ka pambali pa giyabokosi ndi pamwamba pa pedulo m'kati.

Pa mabuleki palibe zoti "ndizingothirira". Ganizirani kutsika Chiweta, kapena phiri lotsikira ku Chikwawa, kapena msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, muli ndi ana kumbuyo. Pobooka pang'ono pamang'ambika nthawi imene mwaponda mwamphamvu, imene ndi nthawi yomwe mukuwafunitsitsa mabulekiwo. Itanani amakaniko abwere pakhomo, kapena galimoto inyamulidwe. Kuikoka ndi chingwe ilibe mabuleki n'kuika pangozi galimoto ziwiri. Thirani DOT 3 kapena DOT 4 monga zalembedwera pa chivindikiro, kuchokera m'botolo losatsegulidwa kale, chifukwa mafutawa amakoka chinyezi. Oyilo wa injini kapena ATF asalowemo ngakhale pang'ono, amatupitsa malabala onse a m'mabuleki.

Kutsata oyilo mpaka kumene akuchokera

Denga la malata likamadontha, madzi amalowa pa msomali uko, n'kutsata phaso, n'kudzagwera pena. Injini nayo ndi chimodzimodzi. Oyilo amatsika, mphepo ya paulendo imamukankhira kumbuyo, fumbi limamumwa, ndipo pamapeto pake amadzasonkhana pa sampu chifukwa ndi pamene pali potsikitsitsa. Anthu ambiri asinthitsa gasiketi ya sampu imene inalibe mlandu. Lamulo ndi ili: funafunani malo onyowa amene ali pamwamba kwambiri ndi kutsogolo kwambiri kuposa ena onse.

Pa injini imene yakutidwa ndi phala la oyilo ndi fumbi la zaka simungaone kanthu, ndiye itsukeni kaye. Ikazizira, phimbani alternator, distributor ngati ilipo, ndi bokosi la mafyuzi ndi mapulasitiki. Thirani degreaser kapena parafini, pukutani ndi burashi, tsukuluzani ndi madzi osathamanga kwambiri. Petulo musatsukire. Ngati mwapita ku car wash, auzeni anyamata asalozetse mpope wamphamvu pa mawaya ndi pa ma coil. Ikauma, wazani paudala wa ana pamalo amene mukuwakayikira, lizani injini kwa mphindi 15 kapena yendani pang'ono, zimitsani, muunike. Pa ufa woyerawo oyilo watsopano amajambula mzere wakuda woonekera bwino, ndipo mukautsata chokwera mufika pa gwero. Magalaja ena ali ndi utoto wothira mu oyilo umene umawala ndi tochi ya UV, ndipo umathandiza pa kudontha kobisika.

Mukafuna kulowa pansi, mverani izi. Jeke ndi wokwezera galimoto posintha tayala, si wogonera pansi pake. Njerwa ndi mabuloko a simenti amaphwanyika mosachenjeza. Gwiritsani ntchito ma stand achitsulo pa nthaka yolimba, kokani handibuleki, tsekerani matayala otsala, ndipo tayala limene mwachotsa mulilowetse pansi pa galimoto. Ngati mulibe zimenezi, pitani pamene pali dzenje la galaja. Injini ikamalira, manja, malaya ndi tayi zitalikire malamba, ndipo kumbukirani kuti fani yamagetsi imatha kudzuka yokha.

Yambani ndi zotsika mtengo, makamaka ngati kudontha kwayamba galimoto itangochoka ku sevisi. Bawuti yotsitsira oyilo ili ndi kawashala kofewa kamene kamayenera kusinthidwa nthawi iliyonse, koma ambiri amakabwezera komweko n'kumanga mwamphamvu mpaka mazinga a sampu kutha. Fyuluta ikhoza kukhala yosamangika bwino, kapena labala wa fyuluta yakale anatsalira pa injini ndipo yatsopano yakhala pamwamba pake. Zikatero oyilo amatha kutuluka yense m'mphindi zochepa. Pafupi ndi fyuluta pali ka oil pressure switch, kokhala ndi waya mmodzi, kamene kakakalamba kamadontha kudzera m'pulasitiki wake.

Kenako kwerani pamwamba. Gasiketi ya top cover, chivindikiro cha pamwamba pa injini, ndi imene imalephera kwambiri pa injini zakale. Oyilo wake amatsikira pa ekizozi, ndiye mumamva fungo lopserera mukaima pa maroboti, ndipo nthawi zina amadzaza m'mabowo a mapulagi injini n'kuyamba kudumphadumpha. Ma Corolla akale a injini za 4A-FE ndi 5A-FE amadonthanso pa O-ring ya distributor, oyilo n'kutsikira pa giyabokosi, munthu n'kumaganiza kuti giyabokosiyo ndiye yabooka. Pa 1ZZ-FE, O-ring ya tensioner ya tcheni, imene ili kuseri kwa injini kumbali ya dalaivala, ndi yodziwika pa khalidwe lomweli. Zonsezi ndi timalabala tating'ono, ntchito yake siifuna kutsitsa injini.

Zovuta ndi ma oil seal a crankshaft. Ya kutsogolo imamwaza oyilo mozungulira pule yaikulu. Pa injini ya timing belt, monga ma 4A ndi 5A aja, musazengereze, chifukwa oyilo amafewetsa lamba mpaka kudumpha mano kapena kuduka, ndipo nthawi yabwino yosinthira sili zimenezi ndi pamene mukusintha lambayo. Ya kumbuyo imadontha pamene injini yakumana ndi giyabokosi, ndipo kuti muifikire giyabokosi iyenera kutsika. Musavomere ntchito imeneyi musanatsimikize kuti pamwamba ponse ndi pouma.

Mukaona kuti injini ikuchita thukuta paliponse nthawi imodzi, onani PCV valve, kavalavu kakang'ono ka pa top cover kamene kamatulutsa mpweya wa m'kati mwa injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo pa sili iliyonse. Kachotseni mukagwedeze: kabwino kamalira m'kati. Oyilo wothira mopitirira chizindikiro chapamwamba amachitanso zomwezo.

Kuyenda nayo kapena kuikonza

Kunyowa kumene kwangogwira fumbi koma sikukudontha, pa galimoto ya zaka 15 kapena 20, mukhoza kukhala nako mukuyang'anira. Timadontho tiwiri titatu ta oyilo usiku wonse timakupatsani mpata wosonkhanitsa ndalama, bola muziyeza sabata iliyonse ndi musanayambe ulendo wautali, ndipo botolo la oyilo lizikhala m'buti. Banga lalikulu ngati chikhatho tsiku lililonse, kapena oyilo wogwera pa ekizozi ndi pa malamba, ndi ntchito ya sabata yomweyo. Kulanti sindimupatsa mpata wotero, chifukwa paipi yochita thukuta lero ndi imene imaphulika pokwera phiri masana.

Za njira zachidule ndinene mosabisa. Kuthira oyilo wolemera ngati 20W-50 kuti kudontha kuchepe kumabisa vuto, ndipo injini za VVT-i monga 1NZ-FE zinapangidwira oyilo wopepuka wodutsa m'timabowo tating'ono. Mankhwala otseka radiyeta, ngakhalenso dzira limene ena amaswera m'menemo, angakufikitseni pamene pali thandizo, koma amatsekanso timapaipi tabwinobwino. Sopo wopaka pa thanki yobooka ndi wongokuchotsani m'tchire, osati woyenda naye mwezi. Ndipo amakaniko akamamata silikoni, aike wochepa: wotsalira m'kati amaduka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo.

Mukafika ku galaja musangoti "ikudontha". Nenani zimene mwaona: "Achimwene, ndi oyilo wa injini, kumbali ya dalaivala. Ndinatsuka Loweruka, ufa wanyowa kuyambira pansi pa top cover, ndipo pa makilomita 500 ndathira theka la lita." Aonetseni chithunzi cha katoni, muwapemphe akulozereni ndi chala pamene akuti pakutuluka, mugwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo zimene achotsa akupatseni muzione. Makaniko wodziwa ntchito yake amakondwera ndi kasitomala wotere, chifukwa wamufupikitsira ntchito.

Ikakonzedwa, itsukeninso ndi kuyala katoni yatsopano kwa masiku angapo. Oyilo wakale wobisala m'makona amatha kudonthabe tsiku loyamba kapena lachiwiri, koma madonthowo ayenera kumachepa, osati kuchuluka. Zotayikira pansi thiranipo mchenga kapena utuchi, mukolope ndi kuziika m'thumba. Oyilo wakale musamuthire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, muikeni m'chigubu chotseka mukamusiye ku galaja. Kulanti ndiye musamusiye pansi kapena m'beseni ngakhale kwa kanthawi, ndipo musamusunge m'botolo la zakumwa. Ali ndi ethylene glycol, amene amatsekemera, ndipo wochepa chabe amawononga impso za galu, mphaka kapena mwana. Mwana akamwa, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo mutenge botololo kuti adokotala aone chimene wamwa.